Pijo ya agogo yalira, koma ili m'dzina la ndani?

Sabata ino ndemanga yagwera ine, ndipo ndasankha nkhani ija ya magawo anayi imene mnzathu wina anatigawira mwezi wathawu, ya mnyamata wa ku Kaseye amene anadzutsa galimoto ya agogo ake. Ambiri munaikonda. Timitima ndi zala zoloza kumwamba zinagwa ngati matalala, ena mpaka kulemba kuti misozi inalengeza m'maso. Nanenso ndinaiwerenga mpaka kumapeto osadumpha mzere, zomwe pafoni sizichitikachitika. Koma nkhaniyi ndili nayo mlandu, ndipo ndikufuna tiukambe modekha, poti mlanduwo timaupalamula ambiri mwa ife amene timalemba.

Kwa inu amene munaiphonya, imayenda motere. Agogo aamuna anakagwira ntchito ku migodi ya ku Copperbelt m'dziko la Zambia, nabwerako m'zaka za m'ma 1970 ndi pikapu ya Peugeot 404, ija akuluakulu amangoti Pijo. Inayenda zaka zake ikunyamula anthu ndi chimanga, kenako inatopa, naikhazika pa miyala pansi pa mtengo wa mango. Agogo aja anamwalira. Patapita zaka zoposa 20, mdzukulu wawo, amene Fomu 4 anamaliza koma ntchito osaiona, akuganiza zoidzutsa. Gawo lachinayi likutha mnyamatayo akutsetsereka pa msewu wa ku Karonga, matumba a chimanga ali kumbuyo, agogo aakazi atatsala pakhomo akupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje.

Tiyambe ndi zabwino, poti zilipo zambiri. Mlembiyu galimoto amaidziwa, kapena anakhala pansi ndi makaniko woidziwa n'kumvetsera. Giya ya 404 imakhala pa chiwongolero, ndipo iye sanaiike pansi ngati ya Hilux. Injini itagwirana ndi dzimbiri, mnyamata uja akumasula mapulagi, kuthira dizilo m'mabowomo, n'kudikira sabata yathunthu asanayese kuipukusa. Thanki yadyeka, ndiye akumangirira chigubu cha petulo padenga, paipi n'kumatsikira ku kabuleta. Zimenezi munthu sungazipeke uli gone pabedi. Nanga nkhuku ija yoikira mazira pampando wa dalaivala, imene agogo aakazi akukaniratu kuti isachotsedwe mpaka itaswa? Ntchito yonse ikuima masiku 21 chifukwa cha nkhuku, ndipo m'masiku odikirawo ndi mmene gogoyo akuyamba kufotokoza za mwamuna wake. Pamenepo mlembi anatola nkhwangwa ndi mpini womwe. Ndikanakhala ndi mphotho ndikanaipereka pa tsamba limenelo.

Mlandu wanga ukuyambira m'gawo loyamba momwemo. Mlembi mwini wake akutiuza kuti galimotoyo ikadali ndi nambala za ku Zambia, zosuluka, imodzi itapendekeka pa bawuti imodzi. Akutiuzanso kuti agogo analowa nayo usiku kudzera njira ya kutchire, poopa a kasitomu. Ine nditawerenga pamenepo ndinakhala tsonga, ndinati eya, nkhani yabwera. Koma mpaka gawo lachinayi nambala zija sizikutchulidwanso. Msampha anatchera yekha, n'kuiwala kukauwonjola.

Tangoganizani nane. Mnyamatayo wachoka ku Kaseye, walowa mumsewu wa tala wochokera pa boma la Chitipa kupita ku Karonga, mtunda wa makilomita pafupifupi 100. Limeneli ndi boma la m'malire, uku Tanzania uku Zambia, ndipo apolisi pamsewu wotere sasowa. Wapolisi wakweza dzanja. Afuna laisensi ya woyendetsa, afuna COF, afuna inshuwalansi, ndipo akaona nambala zachilendo afunanso pepala losonyeza kuti galimotoyo inalowa bwanji m'dziko muno. Mnyamata wathu ali ndi sipanala ndi chikondi cha agogo ake basi. Ulendo umene ife tinauombera m'manja ukanathera pa rodibuloko yoyamba, chimanga chitatsitsidwa, Pijo itakankhidwira kuseri kwa polisi komwe ikanakapeza anzake ena ofota, udzu utamera m'mawilo.

Ndiye tiyerekeze kuti mnyamatayo ndi wanzeru, wafuna kukonza mapepala asananyamuke. Apa ndi pamene pali nkhani imene sitinaiwerenge. COF sangaipeze ngati galimotoyo silembedwa m'kaundula wa a Road Traffic, amene amayendera kompyuta ija amati MalTIS. Kuti ilembedwe, a MRA ayenera kuvomereza kuti msonkho wolowetsera galimoto m'dziko unaperekedwa, ndipo ife tikudziwa kuti sunaperekedwe, poti agogo anadzera kutchire. Ngongole imeneyo yakhala ikugona pansi pa mango limodzi ndi galimotoyo kuyambira nthawi ya Kamuzu. Apolisi nawonso ayenera kutsimikiza kuti galimoto yochokera kunjayi si yakuba, ndiye kuti nambala ya injini ndi ya chesisi ziyenera kuwerengeka, pamene dzimbiri lakhala likuzidya zaka zonsezi. Kenako funso lalikulu: umboni woti ndi yako uli kuti? Ngati pepala lililonse lilipo, lili m'dzina la munthu amene ali kumanda.

Ngakhale agogo akanakhala kuti anailembetsa kuno, ili ndi bulubuku yake ndi nambala zakale zija zoyamba ndi B, mavuto sakanatha. Masiku ano posintha umwini wa galimoto, wogulitsa ndi wogula amafunika kuonekera, zala zawo n'kudindidwa pa makina. Womwalira chala adinda bwanji? Ndiye kuti nkhani yasanduka ya chuma cha masiye: chiphaso cha imfa, makalata opatsa munthu mphamvu yoyendetsa chumacho, maulendo a kwa DC, ndi abale onse kugwirizana kuti galimotoyo ipite kwa mdzukulu. Ofesi yaikulu ya a Road Traffic m'chigawo cha kumpoto ili ku Mzuzu, makilomita oposa 300 kuchoka ku Chitipa, kudutsa Karonga n'kukwera Chiweta. Munthu wopanda ntchito aipeza kuti thiransipoti ya maulendo awiri kapena atatu? Ndipo akafika pageti, woyamba kumupatsa moni ndi dobadoba, womwetulira bwino, wolonjeza kuti zonse zitheka lero lomwe bola kangachepe. Dobadoba ameneyo ndi mtengambali amene wolemba aliyense akanamulakalaka. Amadziwa mawu onse a m'maofesi, amaitana aliyense kuti bwana, ndipo theka la zimene akunena ndi zoona. Mlembi wathu anamusiya panja.

Mwina mukuti, aaa, koma inu, nthano si fomu ya boma, tisiyeni tisangalale. Ndakumvani. Palibe amene akufuna kuwerenga ndime zisanu za malamulo a pamsewu. Komatu amene anabweretsa nambala za ku Zambia ndi njira ya kutchire si ine. Wolemba ukatiuza kuti m'nyumba muli njoka, ife owerenga timakhala tikuyang'ana pansi mpaka nkhani ithe. Ndipo chachiwiri, chimene chimaimitsa mtima m'nkhani ndi chopinga. Dzimbiri ndi chopinga chofewa, chifukwa limagonja ukalimbikira, ndipo tonse timadziwiratu kuti injini ilira. Kodi alipo pano amene anakayika kuti Pijo ija ilira? Pepala siligonja ndi khama. Ukhoza kudzuka m'mamawa miyezi isanu ndi umodzi, manja kuchita matuza, koma kalaliki akati bweraninso ndi kalata ya uje, wabwerera basi. Apo ndiye owerenga sadziwa chimene chichitike.

Ndikuganiza kuti ndikudziwa kumene nkhani zamtunduwu tikuzitenga. Ndi mavidiyo aja a pa YouTube ndi Facebook, a azungu opeza galimoto yakale m'shedi, kuitsuka, kuithira batire, ndipo isanathe theka la ola yalira, aliyense akukuwa. Vidiyo imathera pomwepo chifukwa zotsatira zake sizikoma kuonera. Koma ngakhale kwawoko nkhani sithera apo. Ku California, galimoto ukafuna kuiimika uyenera kudziwitsa boma kuti siyenda, apo ayi ndalama za kalembera wa chaka ndi chaka zimaunjikana pamodzi ndi zilango, ndipo amene wagula galimoto yotere motchipa amakadzidzimuka pa kauntala kuti wagula ndi ngongole yomwe. Ku Britain nakonso mwini galimoto amalengeza kuti yachoka pamsewu, ndipo ikapitirira zaka 40 amatha kuilembetsa ngati yakale yosungidwa, msonkho wa pamsewu osalipiranso. Abale athu a ku Joni akudziwa za kapepala kozungulira ka pagalasi kaja, kamene kamatha chaka chilichonse: ukachedwa kukonzetsa, chilango chimakwera mwezi ndi mwezi. Kulikonseko boma limawerenga zaka zimene galimoto yagona. Ife tinatengako chimwemwe cha m'vidiyo, n'kuchibzala ku Kaseye, ngongole n'kuisiya.

Komatu olemba akuluakulu anaona kalekale kuti m'pepala muli nkhani. Ousmane Sembène wa ku Senegal anatulutsa filimu yotchedwa Mandabi mu 1968, m'chiyankhulo cha Chiwolofu. Bambo wina wosagwira ntchito ku Dakar, wa akazi awiri, walandira ndalama kudzera ku positi kuchokera kwa mphwake amene akusesa misewu ku Paris. Kuti aitape akufunika chitupa. Kuti apeze chitupa akufunika kalata ya kubadwa ndi zithunzi. Ali mkati mozungulira maofesi, mudzi wonse wamva kale kuti kwabwera ndalama, ongongola ndi opempha ali pakhomo, akazi ake ayamba kale kutenga mpunga pa ngongole kusitolo. Pomaliza amene akumudyera ndi munthu wovala bwino amene anadzipereka kuti amuthandiza. Mufilimu yonseyo mulibe mfuti, koma mtima umakhala uli m'mwamba. Chotsani ndalama ya ku positiyo, ikanipo Pijo, ndipo muona chimene gawo lachitatu la mnzathuyu likanakhala: tsiku limene injini yalira, mudzi wonse wamva, ndipo aliyense wakumbukira kuti agogo anali ndi ngongole yake.

Nikolai Gogol wa ku Russia, m'buku lake la 1842 lija pa Chingerezi amati Dead Souls, anamanga nkhani yonse pa kaundula wochedwa kukonzedwa. Eni minda ankalipira msonkho pa akapolo awo malinga ndi kalembera womaliza, ndiye kapolo akamwalira ankakhalabe wamoyo papepala, msonkho wake n'kumaperekedwabe mpaka kalembera wina. Tambwali wina dzina lake Chichikov akuyendayenda kugula maina a akufawo kuti akawaike chikole. Munthu wakufa amene papepala akadali moyo, ndiye agogo athu aja ndendende. M'nkhani ya mnzathuyu, mwini galimoto ndi yekhayo amene sangayankhule.

Ndipo sitikusowa kupita kutali choncho. Legson Kayira anabadwira m'boma lomweli la Chitipa. Mu 1958 ananyamuka wapansi kufuna maphunziro ku America, ndipo ulendowo anaulemba m'buku la I Will Try la 1965. Timakonda kukumbukira mapazi ake, mtunda umene anayenda. Koma werenganinso muone kuti malo a pa koleji ya Skagit Valley anawapeza ali ku Kampala, polemba kalata ataona dzina la kolejiyo m'laibulale, ndipo chimene chinatsala pakati pa iye ndi America chinali pasipoti, viza ndi ndalama ya ndege. Viza anakaipezera ku Khartoum, n'kufika ku America mu 1960. Mwana wa ku Chitipa ameneyu anadziwa kuti miyendo imakufikitsa pakhomo la ofesi, ndipo kuchokera apo ulendo umayenda ndi chidindo. M'buku lake lina, Jingala la 1969, mtengambali wamkulu ndi mkulu wopuma pa ntchito yotolera msonkho. Ndiye wolemba wa lero akamaika nkhani yake ku Kaseye, akuponda pabwalo pamene wina anavinapo kale, ndipo n'kwabwino kudziwa mmene anapondera.

Pali kanthu kena kamene kanandikhumudwitsa, ndipo a kumpoto amene muli pagulu pano mundithandize kukanena. M'gawo lachiwiri, amene akupereka chilolezo choti mnyamata agwire galimotoyo ndi atsibweni ake, mlongo wa amayi ake, atakhala pampando wa ndalema ngati mwinimbumba. Zimenezo ndi za kwathu kuno kwa Achewa, kumene mbumba imayendera kuchikazi. Ku Chitipa anthu amalowola, ana ndi a kuchimuna, ndipo pa katundu wa malemu mawu olemera amachokera kwa abale a bambo. Mlembi anatenga banja la ku Dedza n'kulisamutsira kumalire a Tanzania. N'chimodzimodzi ndi chiyankhulo. Sindikuti alembe m'Chilambya kapena m'Chindali, gulu lino ndi la Chichewa, koma m'magawo anayi onse palibe ngakhale moni mmodzi wa kumeneko, ngakhale kamodzi kokha gogo kunena kuti mwaghona. Kaseye wa m'nkhaniyi ali ndi mishoni ya Akatolika, sukulu ya atsikana ndi chipatala, zomwe n'zoona, koma zimenezo munthu akhoza kuzimva ali ku Lilongwe. Anthu ake ndiwo sakumveka kuti ndi a kumeneko.

Cholakwika chimenechi chikugwirizana ndi mlandu wanga woyamba. Mlembi akanafunsa kuti galimotoyi papepala ndi ya ndani, akanakakamizika kufunsanso kuti pamudzi ndi ya ndani. Ana a malemu alipo angati? Amene ali ku Mzuzu kapena ku Mbeya, amene zaka 20 sanaponyeko diso pa chitsulo chowola chija, akamva kuti chayamba kuyenda n'kumapanga ndalama akhala chete? Nanga agogo aakazi? Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaika mkazi wamasiye ndi ana patsogolo, ndipo kulanda chuma chawo ndi mlandu. Ndiye gogo amene mlembi anamupatsa ntchito yolondera nkhuku ndi kupukuta misozi, mwina ndi amene dzina lake likufunika kwambiri pa mapepala onse aja. Tangoganizani gogo ameneyo, amene mwina sanakwerepo basi yopitirira Karonga, akukwezedwa minibasi kupita ku Mzuzu kuti akadinde chala, chitupa chake cha unzika cha 2017 atachimanga pa nsonga ya chitenje. Kapena akukana kudinda, chifukwa akudziwa kuti galimotoyo ikachoka pansi pa mango, chinthu chomaliza cha mwamuna wake chachoka. Ine nkhani imeneyo ndikanaiwerenga mpaka foni kuzima.

Tinenepo pang'ono za njira ya kutchire ija. Mlembi anaitchula ngati nthabwala, kuti agogo anali ochenjera. Koma m'badwo umenewo unali ndi zifukwa zoopera pepala la boma. Ndi anthu amene ankathawira kuphiri amesenjala akabwera kudzafuna msonkho, ndipo nthawi ya chipani chimodzi ankafunsidwa khadi asanalowe mumsika kapena kukwera basi. Kwa iwo ofesi inali malo amene umapitako ukaitanidwa. Mdzukulu wawo wakulira m'dziko lina, la ziphaso za pulasitiki ndi zala za pa makina, ndipo ndi iye amene akulandira ngongole ya mantha a agogo ake. Ngakhale msewu womwewo unasintha. Pijo ikukhazikidwa pa miyala, msewu wa Karonga ndi Chitipa unali wafumbi, wodziwika dziko lonse ndi kuipa kwake, andale akuulonjeza chisankho chilichonse. Boma la Bingu wa Mutharika litasiya ubale ndi Taiwan n'kugwirana chanza ndi China kumapeto kwa 2007, kampani ya ku China ndi imene inadzaumaliza. Tala atabwera, kunabweranso ma Sienta ndi ma Probox a ku Japan, otsikira pa doko la Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe, osamwa mafuta ambiri. Pijo ya petulo ya zaka pafupifupi 50 ikadzuka lero ikupeza makasitomala ake atatengedwa. Mlembi akutionetsa mnyamata akuwerengera phindu la ulendo woyamba, koma sanatiuze kuti chigubu chija chimatha pa makilomita angati.

Sindikunena kuti nkhaniyi imayenera kutha moipa. Ine nkhani zothera m'maliro ndatopa nazo, pagulu pano zachuluka. Njira zinalipo zambiri. Mnyamatayo akanatha kulimbana ndi maofesi chaka chathunthu n'kupambana, nambala za CP n'kumangidwa pa Pijo, ndipo chimwemwe chathu chikanakhala ndi kulemera kwake chifukwa taona mtengo wake. Akanathanso kusankha zimene ambiri amasankha m'midzi, kuiyendetsa popanda pepala lililonse m'tinjira ta kumudzi, kunyamula odwala usiku kupita nawo kuchipatala, kukhala galimoto imene mudzi wonse umaidalira koma tala siimuponda. Pamenepo pali funso lovuta, loti tsiku limene yagunda mwana wa munthu popanda inshuwalansi, alipira ndani. Wolemba wolimba mtima akanatifikitsa pamenepo.

Kapenanso akanayang'ana chimene chimachitikira magalimoto ambiri otere. Pitani m'midzi ya ku Chitipa, kapena ku Mzimba, ku Mchinji, muyang'ane pansi pa ngolo za ng'ombe. Ekiselo ndi mawilo ake kawirikawiri ndi za galimoto imene inafa kalekale. Masipuling'i amapita kwa osula, n'kusanduka nkhwangwa ndi zikwanje. Mpando umakakhala pakhonde. Ngolo siifunsidwa bulubuku, ndipo imanyamula chimanga chomwecho chimene mnyamata uja ankafuna kunyamula, kungoti siifika ku Karonga.

Mnzathu wolemba, ndikudziwa kuti mukuwerenga. Ena m'makomenti anakupemphani gawo lachisanu, ndipo nanenso ndikulipempha. Muliyambire pa rodibuloko, wapolisi atawerama akuyesa kuwerenga nambala yopendekeka ija, mnyamata ali phee pa chiwongolero, injini osaizimitsa poopa kuti siidzaliranso. Ndipo musanalembe, kafunseni gogo uja chimene chili m'chikwama chachitsulo chimene munatiuza m'gawo loyamba kuti amachisunga kunsi kwa bedi.